Mmene Ndinalandirira Ankolo Mabatani ku Bembeke

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, ndipo ndikanakonda kuikwirira kudimba. Koma ndingaikwirire bwanji poti anthu anaionera kale m'mafoni mpaka ku Joni? Bola ndiifotokoze ndekha, chifukwa anzanga a pamsika akamaifotokoza amawonjezera zambiri, pamene ine, aliyense akudziwa, sindiwonjezera kanthu.

Dzina langa ndine Fabiano, koma ku Bembeke kuno amanditchula Wayilesi. Sukulu ndinalekera panjira aphunzitsi atatopa nane, chifukwa ndinkatsanzira mmene ankatsokomolera asanayambe masamu. Luso langa ndi lomwelo. Munthu ndikamumva kamodzi, mawu ake ndawatenga. Kondakitala wa minibasi, mtsogoleri wa kwaya, mbuzi yokodwa chingwe, onsewo amagona pakhosi panga pano.

Koma amene ndinkawatha kwambiri anali Ankolo Mabatani.

Ngati simuwadziwa, ndiye kuti foni yanu ndi ya tochi. Ankolo Mabatani ndi buloga wamkulu, ali ndi peji pa intaneti yonena za mafoni, masola, mabatire ndi akamberembere oba pafoni. Akanena kuti foni yakuti ndi yabwino, mawa lake m'mashopu yatha. Akanena kuti ndi yachinyengo, mwini shopu amayamba kugulitsa mandasi. Nkhope yawo palibe anali ataiona. M'mavidiyo munkaoneka manja okha, osalala, wotchi ikunyezimira, akutsegula katoni. Ndiye mawu aja, okhuthala ngati akuchokera mumgolo: "Abale anga a mabatani, khalani tcheru. Musakhulupirire chinthu chifukwa choti chili pafoni."

Mawu amenewo ine ndinawaloweza kuposa katekisimu.

Tsono ine ndine mkamwini, ndimakhala kwawo kwa akazi anga, Agnesi. Apongozi anga aakazi, aNangozo, ndi wapampando wa gulu la amayi olima mbatata ya kachewere. Chaka chimenecho mbatata inabereka mochititsa mantha, inadzaza shedi ya gulu mpaka kudenga. Mavenda anayamba kuzungulira ndi matumba awo aja osokerera chipewa pamwamba, thumba limodzi lolowa munda wonse, mtengo wake wachipongwe. Apongozi anauza amayi onse kuti asagulitse. Agnesi, yemwe ndi mlembi wa gululo, anali atatumiza uthenga kupeji ya Ankolo Mabatani, ndipo iwo anayankha kuti abwera Loweruka kudzajambula, kuti ogula a m'tauni aziimba okha foni popanda venda pakati.

Amayi anadikira, koma mong'ung'udza, chifukwa mbatata ina inali itayamba kutulutsa timaso. Aliyense ankadziwa kuti mlendoyo akapanda kujambula, mbatata yonse ipita kwa mavenda pamtengo wawo womwewo, ndipo apongozi sadzatsegulanso pakamwa pagulu.

"Ayankha?" ndinafunsa Agnesi. "Ankolo Mabatani eni ake, kuyankha inu?"

"Nanga ndine mtengo ine?"

"Anthu otchuka sayankha, mayi a Tadala. Chizindikiro choyamba chimenecho."

"Chizindikiro cha chiyani? Tamverani, amayi akuti mukawatenge ndinu kumsewu, poti mumati mumawadziwa. Akuti mwina pakamwa panupo pangathandize mudzi kamodzi."

Loweruka m'mawa ndinapukuta njinga, ndinavala jekete la ku tchalitchi, ulendo wa pamphambano ya M1. Kunali chifunga choti ukatambasula dzanja zala zimasowa, mphepo ikuluma makutu. Ndinaima n'kumadikira galimoto lalikulu la magalasi akuda, lotsikamo bwana wa mimba yake. Mawu ngati aja sangakhale m'thupi laling'ono, amafuna malo.

Magalimoto aakulu anadutsa onse osandiyang'ana n'komwe. Kenako inaima minibasi yotsamira mbali imodzi. Kondakitala anatsitsa dengu la nkhuku, anatsitsa matayala a njinga, ndipo pomaliza anatsitsa kamunthu. Kowonda, kafupi, chikwama kumsana, juzi la kaunjika lofika m'mawondo.

"Pepani achimwene, kodi ndinu a Fabiano?"

Mawu ake, abale, ngati mwana wa mphaka amene wagwa m'chitsime.

"Dzina langa mwalidziwa bwanji?"

"Ananditumizira akazi anu. Ine ndine Limbani, wa peji ya Mabatani."

Ankolo Mabatani anatiphunzitsa okha kuti kamberembere amabwera akudziwa kale dzina lako. Chizindikiro chachiwiri. Ndinayang'ana manja ake: otuwa ndi mphepo, opanda wotchi. Ndinayang'ana foni imene anagwira: galasi losweka ngati mapu a dziko.

Ndikanatha kumusiya pomwepo n'kubwerera. Koma ndani akanaona kuti ndapulumutsa mudzi? Ndinaganiza kuti wakuba uyu ndimutenge bwinobwino, ndikamugwirire pamaso pa apongozi ndi amayi onse, kuti dzina loti mkamwini wa phokoso lithe tsiku lomwelo.

"Kwerani, Ankolo," ndinatero ndikumwetulira mano onse.

Njira ya kwathu ndi yolunjika, koma ine ndinamudutsitsa kumadimba, kuwoloka kamtsinje, kuzungulira phiri, kubwereranso pakamtsinje komweko, kuti asaloweze njira yobwerera ndi anzake. Pachitunda ndinamutsitsa kuti azikankha njinga, ine ndikumufunsa mafunso ngati wapolisi amene wadya kale.

"Galimoto mwasiya kuti, Ankolo?"

"Ndilibe galimoto, achimwene."

"Ohoo. Nanga wotchi ija?"

"Si yanga. Ndi ya shopu ina. Amandilipira kuti ndiivale pojambula, anthu aione. Ndikamaliza ndimabweza."

"Ohoo. Nanga mafoni aja a makamera ambirimbiri kumbuyo ngati maso a kangaude?"

"Amandibwereka kuti ndiwayese, ndilembe. Amabwerera kwa eni ake. Ntchito yathu ili choncho, timadyera kwa otsatsa malonda. Anthu akamawerenga ambiri, otsatsa amabwera."

"Ndiye chanuchanu n'chiyani?"

Anaganiza pang'ono akupuma wefuwefu. "Chikwamachi."

Ndinangogwedeza mutu. Munthu wopanda galimoto, wopanda wotchi, wopanda foni yabwino, wabwera ndi chikwama chopanda kanthu kumudzi kodzaza mbatata ndi mafoni a amayi. Ngakhale mwana wa kalasi yoyamba masamu amenewo akhoza.

Titafika pashedi, amayi anali atayala mphasa, nthungululu zili mbwee, ena akuvina ndi makasu. Apongozi anavala chitenje chawo cha bungwe la ku tchalitchi, chimene chimatuluka pa Pasaka pokha. Anamupatsa mpando wokhawo wokhala ndi miyendo yofanana, anamuikira tiyi ndi mbatata yophika. Ine monga mkamwini ndinakakhala patali pang'ono, pathumba, koma maso anga anali pa zala zake.

Anadya. Mmene ankadyera ndinaonanso chizindikiro: munthu wotchuka sadya makoko a mbatata.

Atapukuta manja anatembenukira kwa Agnesi. "Mayi, tabwerekeni foni yanu. Ndikufuna ndikutsegulireni peji ya gulu, kuti ogula akaona vidiyo azikupezani mosavuta. Ndi amayi ena amene ali ndi mafoni aakulu abweretse, ndiwalumikize."

Agnesi anayamba kumasula mfundo ya chitenje.

Ndinalumpha. Ena amati ndinauluka, ndipo sindikutsutsa. Foni ya Agnesi ndinaigwira ili m'malere, ndinazungulira amayi onse ndikutolera mafoni, aakulu ndi a tochi omwe, ndinawathira m'thumba lopanda kanthu, yanga ndinaponyamonso, ndinamanga pakamwa n'kukhalapo.

"Bambo a Tadala, mwadwala?"

"Ndachira lero. Amayi, munthu uyu si Ankolo Mabatani. Uyu ndi kamberembere. Mukamupatsa foni, pofika madzulo ndalama zanu za banki m'khonde zili ku Mozambiki."

Nthungululu zinazima. Mayi wina anakoka mwana wake kumuika kumbuyo. Wina anachotsa mbale ya mbatata patsogolo pa mlendo mwakachetechete.

Mlendoyo anamwetulira, zimene zinandikwiyitsa kwambiri. "Achimwene, kusamala kwanu n'kwabwino. Ndimaphunzitsa zomwezo."

"Amaphunzitsa ndi Ankolo, osati inu. Ngati ndinu, tapereka moni uja tonse timve."

Anakonza pakhosi. "Abale anga a mabatani, khalani tcheru."

Amayi anayang'anana. Kunena zoona, nkhuku ya chitopa imamveka bwino kuposa pamenepo.

Ndiye ine ndinaimirira, phazi limodzi lili pathumba la mafoni, ndinafufuma chifuwa, ndinatsitsa chibwano, n'kutulutsa kuchokera pansi pa mchombo: "Abale anga a mabatani, khalani tcheru. Musakhulupirire chinthu chifukwa choti chili pafoni."

Malata a shedi ananjenjemera. Galu amene anagona pakhomo anadzuka n'kusamuka.

"Eee, awa ndiye eni ake," anatero mayi Esinta, msungichuma wa gulu, akundiloza ine. "Mawu ake ndi amenewa."

"Mwamva?" ndinatero. "Ine wa ku Bembeke ndikufanana nawo kuposa inu. Mufotokoza bwanji?"

"Mawu a m'vidiyo ndi anga ndithu," anatero mlendo uja. "Koma ndimajambulira m'kabati ya zovala, nditafunda bulangeti, kuti phokoso la panja lisalowe. Kenako kompyuta imawakhuthalitsa. Anthu sakhulupirira munthu wa mawu ang'ono akamanena za mabatire."

"M'kabati," ndinabwereza, ndikuyang'ana amayi mmodzimmodzi. "Mwamva nokha. Bambo wamkulu, wotchuka dziko lonse, kulowa m'kabati n'kufunda bulangeti masana. Amayi Esinta, amuna anu analowapo m'kabati?"

"Tilibe kabati."

"Mwaona."

Apa mlendo uja kumwetulira kunamuthera. Anayang'ana kumwamba kuona dzuwa, anayang'ana chikwama chake. "Amayi, ine ndabwera ndi mtima wabwino, ndipo ndalipira ndekha minibasi. Ngati simukundifuna, palibe mlandu, ndibwerere kusanade. Ku Linthipe kulinso alimi a tomato amene akhala akundiitana."

Anayamba kumanga zipi ya chikwama. Ndinaona nkhope ya apongozi ikugwa. Anayang'ana mulu wa mbatata, anayang'ana amayi amene anawaletsa kugulitsa, ndipo kunjako, patsidya pa msewu, venda wina anali atakhala kale panjinga yamoto yake akusenda nzimbe, kudikira ngati khwangwala.

Agnesi anagwada pafupi ndi mlendoyo. "Pepani bambo, musapite. Amuna angawa anagwa pamtengo wa mapeyala ali mwana. Palibe njira ina yoti atsimikize?"

Mlendoyo anapuma mozama. "Netiweki ilipo pano?"

"Pakhomo pomwepa imagwira, poti tili pamtunda."

"Chabwino. Nkhope yanga sindionetsa, koma ndichita chimene kamberembere sangachite. Ndilowa layivu papeji ya Mabatani pompano, anthu aziona zimene zikuchitika kuno nthawi yomweyo."

Anatulutsa kandodo m'chikwama, anamangirirapo foni yake yosweka ija, anailozetsa kwa ine. Ine ndinabwerera pathumba langa, ndinakhala mwamphamvu, manja pachifuwa, kuti dziko lione mlonda.

Mwadzidzidzi pansi panga panayamba kunjenjemera. Foni imodzi, kenako ina, kenako ina. Zinkalira ngati ndakhalira chisa cha njuchi. Amayi onse a mafoni aakulu ankatsatira peji ija, ndipo mafoni awo ankawauza kuti Ankolo ali layivu.

"Thumba likukuitanani," anatero mayi Esinta.

Ndinamasula, ndinapisa dzanja, ndinatulutsa foni yanga. Agnesi anatulutsa yake. Amayi anaunjikana kumbuyo kwathu. Pagalasi panalembedwa dzina la peji, Mabatani, chizindikiro chake chomwe chija, ndipo pansi pake panali shedi yathu, mulu wa mbatata yathu, ndi munthu wina wa jekete atakhala pathumba, akuyang'ana foni kukamwa kuli yasa.

"Ndi inu, bambo a Tadala," anatero Agnesi.

Munthu wanzeru akanagwada pamenepo n'kupepesa. Ine ndinakumbukira phunziro lina la Ankolo, loti masiku ano makompyuta amatha kupanga munthu wabodza, woyenda, wolankhula, wofanana ndi weniweni. Ndinaona kuti wakuba uyu ndi wa digiri.

"Dikirani," ndinatero. "Tiyese."

Ndinakweza dzanja. Munthu wa m'foni anangokhala. Nditatsitsa, m'pamene iye anakweza lake.

Pambuyo pake anandifotokozera kuti layivu imachedwa pang'ono, makamaka kumapiri kuno. Koma pa nthawiyo ndinakuwa ngati ndagoletsa chigoli: "Mwaona! Akuchedwa. Akudikira aone chimene ndichite kuti akopere. Ameneyo si ine."

Ndinatulutsa lilime. Iye anadikira, kenako anatulutsa lake. Ndinavina pang'ono, mwendo umodzi m'mwamba. Iye anaima kaye ngati akuganiza, kenako anavina, ndipo kuvina kwake kunali konyansa.

"Taonani mmene akuvinira. Ine ndimavina choncho? Ndipo tamuyang'anitsitsani bwino. Mutu ngati dzungu la kudambo. Makutu ngati zitseko za minibasi. Mano otalikirana moti mbuzi ingadutsepo. Kompyuta yawo yalephera, yapanga chinthu choopsa ana. Mayi a Tadala, inu mukanalola kukwatiwa ndi chimenechi?"

"Ndakhala ndikudzifunsa," anatero Agnesi. "Bambo a Tadala, taonani chigamba chili pachigongono cha jeketelo. Ndinasoka ndine."

"Makompyuta amasokanso."

Kandodo kaja kanayamba kugwedezeka. Mlendo anali akuseka mopanda mawu, misozi ikutsika, akuyesetsa kuti foni isagwe. Pagalasi timitima tinkakwera ngati ngumbi, ndipo mawu a anthu ankathamanga pansi pake moti ine ndi sukulu yanga yoperewera sindikanawagwira. Agnesi anayamba kuwerenga mokweza.

"Uyu akuti, Ankolo, munthuyu mwamupeza kuti, musamutaye. Uyu akuti, mufunseni ngati mthunzi wake amaukhulupirira. Uyu akuti ali ku Joni, wadzutsa anzake onse a m'chipinda." Anaima pang'ono, mawu ake anasintha. "Amayi, tamverani uyu. Akuti mbatata ili kumbuyo kwa wamisalayo ndi yogulitsa? Ali ndi malo okazingira tchipisi ku Lilongwe. Winanso uyu, akuti ali ndi lole, akufuna nambala."

Mlendo uja anapukuta misozi, anasuntha foni kuchoka pa ine n'kulozetsa mulu wa mbatata, ndipo ndi timawu take tomwe tija anayamba kufotokoza: mudzi, gulu la amayi, mbatata yosankhidwa, kugula kwa alimi eni ake. Anapempha Agnesi kuti atchule nambala ya gulu. Asanamalize kutchula kachiwiri, foni inayamba kulira m'manja mwake. Mayi Esinta anabweza mbale ya mbatata patsogolo pa mlendo, anawonjezeramo ina. Patsidya pa msewu venda uja anataya khoko la nzimbe, analiza njinga yake n'kumapita.

Mbatata ija inapita yonse, malole ankachita kudikirana pamsewu wa ku mishoni. Koma zimenezo zinachitika masiku otsatira. Pa nthawiyo ine ndinali chiimire pakati pa shedi, thumba la mafoni a eni ake lili m'manja. Ndinayang'ananso foni yanga. Kamera inali itabwerera pa ine, ndipo munthu uja anali pomwepo, ataima ngati mbuzi yogulitsidwa kale. Ndinameza malovu. Patapita kanthawi, nayenso anameza.

"Ankolo," ndinatero ndi mawu angaanga, amene ndinapeza kuti nawonso ndi aang'ono, "tiyi uja wazizira. Akutenthetsereni wina?"

"Musavutike, achimwene," anayankha. "Koma pobwerera tidzere njira yachidule. Kamtsinje kaja ndakaona mokwanira."

Amayi anagwa nazo pamphasa. Apongozi okha ndi amene sanaseke. Nthawi yonseyi ankayang'ana foni ya Agnesi, kenako ine, kenako foni. Ndiye anakonza chitenje chawo, ndipo poti mpongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso, anatembenukira kwa mwana wawo, layivu ikadali mkati, dziko lonse likumva.

"Agnesi, tawafunsa alendowa ngati n'zotheka kusinthitsa. Atenge uyu, atisiyire wa m'foniyo. Ameneyo ukatopa naye umangozimitsa."

Kayikirani alendo mmene mungathere, abale, koma foni ikakuonetsani nkhope yanu, ingovomerani msanga musanayambe kuifotokoza.